Chizungulire cha Mlamu Wanga

Lolemba, 7 Malichi 1955

Mphepo tsiku lonse, mchenga wa m'chipululu mpaka m'mano. Ndege yathu yoyesera, yonyamuka ndi kutera choimirira, ili chiimire ndi mchira pakati pa shedi, mphuno kudenga ngati botolo. Ine pamalo panga: dzanja pa buleki ya chingwe chimene chimaikoleka kudenga. Ikapendeka ndimakoka, imalendewera, palibe wofa. Lero mlamu wanga Royce, woyendetsa ndegeyi, wakwera nayo mafiti makumi anayi n'kutsika, katatu. Kukwera si nkhani. Kutsika ndiye ntchito: munthu wagona chagada, akubwerera chambuyo, khosi atalipotoza kufunafuna pansi.

A Lindqvist, injiniya wamkulu, alengeza kuti pa 22 tichotsa chingwe, iuluke panja akuluakulu a asilikali akuonerera. Onse m'manja. Ine mtima uli m'mwamba.

Lachitatu, 9 Malichi

Ulendo wachiwiri ndege inapendekera kumanzere ikutsika. Ndinakoka buleki ndisanaganize n'komwe. A Lindqvist akuti ndi mphepo ya mapulopela yobwerera kuchokera m'makoma.

Poweruka Royce anandiponyera makiyi kuti ndiyendetse ine. Chikwatirireni mlongo wanga Verna, sanandigwiritsepo chiwongolero cha galimoto yake. Titadutsa njanji anangoti, "Alamu, si mphepo ayi. Ndikapotoza khosi dziko limazungulira. Masekondi atatu, anayi, kenako limaima. Chichokereni chimfine chija khutu ili silili bwino." Kenako: "Mukauza munthu, ndikuthyolani zala zokokera bulekizo." Iye anaseka. Ine ayi.

Lachinayi, 10 Malichi

Khofi makapu asanu. Chakudya chabwerera m'bokosi momwe chinapitira. Ndayesa masekondi anayi pa wotchi nditatsinzina. Ndi nthawi yaitali.

Lamlungu, 13 Malichi

Kwa Verna, nkhuku yowotcha ndi mbatatesi. Akusoka diresi yabuluu yoti adzavale pa 22, mapini ali pakamwa. "Achimwene, nkhope yatupa bwanji ngati mwameza sipanala?" Ndinati ndi dzino.

Royce nthabwala zokhazokha. Munthuyu atabwerako kunkhondo anatha zaka zisanu ndi chimodzi akupopera mankhwala m'minda ya thonje, ndege yake ikununkha ngati khola. Iyi ndi ndege yoyamba yomwe palibe wina anaiulutsapo. Ndimlande ine?

Potsanzikana Verna anandigwira mkono. "Bola inu mulipo, ine ndimagona tulo." Ndinayendetsa mpaka kupitirira nyumba yanga osazindikira.

Lachiwiri, 15 Malichi

Andipatsa ntchito ya pa 22. Popeza chingwe kulibe, ndidzaima pabwalo ndi wailesi, kumuuza mafiti otsala kuti afike pansi. Pakamwa basi. Ikadzapendeka ndidzakoka chiyani?

Ndinafika pakhomo la ofesi ya a Lindqvist. Anadzutsa mutu. Ndinapempha magolovesi atsopano.

Lachinayi, 17 Malichi

Zachitikanso, zoposa zija. Phiko linatsala pang'ono kukhula khoma. Chingwe chinalira, ng'oma yochikulungira inafuka utsi, phewa langa mpaka pano silikukwezeka. Ndege ili lende, Royce m'katimo akugwedeza dzanja ngati wapambana mpikisano.

Ndinamutsatira kosinthira zovala. Ndinati apite yekha kwa dokotala. "Zikuchepa, alamu. Lachiwiri zidzakhala zitatha." Akunena choncho atagwira mwamphamvu chitseko cha kabati, zala zitayera. "Ndikadzichotsa ndekha, palibe adzandipatsenso ndege, ngakhale ya thonje. Adzati Royce Haldeman anachita mantha."

Ndasesa nyumba. Ndatsuka galimoto. Ndasesanso.

Lachisanu, 18 Malichi

Ndanena.

A Lindqvist anavula magalasi, kuwapukuta nthawi yaitali. "Mwadziwa liti, Delbert?" Nditayankha sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiwawa koposa. Dokotala anamukhazika Royce pampando wozungulira, kenako anamuuza ayende molunjika pa mzere. Anakathera pa tebulo. Ndi matenda a m'kati mwa khutu, akuti mwina miyezi, mwina osatha.

Royce anandidutsa pakhonde, chipewa chake choulukira chili kukhwapa. Osandiyang'ana. Zala zanga zonse zilipo.

Lamlungu, 20 Malichi

Verna pa foni. "Mwamupha ali moyo. Simukanabwera kwa ine kaye? Ndine mlendo ine?" Ndinati ndimaopa maliro. "Maliro ndiye ali m'nyumba muno, munthu wangokhala pampando osayankhula." Anadula.

Lachitatu, 23 Malichi

Dzulo ladutsa ngati tsiku lililonse. Ulendo wa panja uja ausunthira pakati pa Epulo. Abweretsa woyendetsa wina, Pruitt, wa ku Texas, wotafuna chingamu, ayambire pachingwe. Anzanga m'shedi andipatsa dzina: Wailesi. Ndikafika pa tebulo nkhani imatha. Ndadyera m'galimoto.

Ndikadakhala chete, mwina akadatera bwinobwino, Verna ali mu diresi yake, zithunzi m'nyuzipepala. Mwina. Sindidzadziwa, ndipo chimenechi n'chomwe chikundidya.

Lachitatu, 30 Malichi

Royce wabwera kushedi lero, atavala zakunyumba. A Lindqvist amupempha aziphunzitsa Pruitt katsikidwe. Anaima pambali panga pa buleki ulendo wonse, maso m'mwamba, osandilankhula. Injini itazima, makutu akadali kulira, anayatsa fodya n'kunena chapansipansi:

"Masiku asanu ndi anayi, alamu. Munkadikira chiyani? M'shedi monsemu ndinasankha inu chifukwa simusunga chinsinsi, Verna amati ngakhale mphatso ya Khirisimasi mumaulula. Ndiye pa ine mpamene mwaphunzira kutseka pakamwa? Lachinayi lija ndinkangoti basi, ndafa nacho chidakwa cha chinsinsi ichi."

Ndinkafuna kumumenya ndi sipanala. Ndinkafunanso kukhala pansi. Ndinamufunsa ngati akauze Verna, poti mlongo wanga sakundiyankha foni.

"Ayi! Verna asadziwe kuti ndinkaopa. Ichi chokha mundisungire."

Ndiye pano ndakhala, chipewa chili kumutu, makiyi m'manja. Kwa Verna ndi mphindi khumi. Ndavula chipewa kawiri kale.