Bambo Analemba Buku m'Kabokosi ka Dzina

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tilipo. Ndikudziwa kuti za bambo simufuna kuzimva, papita zaka zitatu chikanganirane, koma werengani mpaka kumapeto. Ndine mng'ono wanu, mundipirire.

Kuwailesi kumene ndimagwira ntchito andilola kukonza pulogalamu ya nyimbo zakale, ndipo ndasankha za bandi ya bambo ija. Makaseti ndinawapeza m'katoni pansi pa bedi, n'kusamutsira nyimbozo pakompyuta. Nyimbo iliyonse pakompyuta imakhala ndi timabokosi tolembamo mutu wake, dzina la woimba ndi chaka. Bambo anakana kwamtuwagalu kuti ndilembe ine. "Iwe unali usanabadwe, ukudziwapo chiyani?" Anakhala patebulo masiku awiri, magalasi ali pamphuno, akutayipa ndi chala chimodzi.

Lolemba ndinalowetsa nyimbozo m'kompyuta ya mu situdiyo. Zikulira bwinobwino, koma pamalo pa dzina pakungotuluka kuti woimba wosadziwika, zonse khumi ndi ziwiri. Ndiye bwana wathu salola kuulutsa nyimbo yopanda mwini.

Ndinaitana katswiri wathu wa makompyuta, amene timawatcha a Zimitsani chifukwa mankhwala awo pa vuto lililonse ndi kuzimitsa n'kuyatsanso. Tinazimitsa katatu, osaphula kanthu. Anasintha mtundu wa mafayilo, anachotsa pulogalamu ya pakompyuta yolizira nyimbo n'kuiikanso, thukuta lili kamukamu, koma wosadziwika yemweyo. Kenako anatsegula kabokosi ka dzina kaja, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Mayi, makinawa sanalakwe. Aka n'kolembamo dzina, koma bambo anu alembamo buku!"

Achemwali, bambo sanasiye munthu. Wang'oma alimo, ndi zoti anafika mochedwa. Wagitala alimo, ndi zoti chingwe chinamudukira pakati pa nyimbo. Ngakhale mlonda amene anawabwereka mpando alimo! Pulogalamu ya mu situdiyo ndi yakale, ikakumana ndi mawu ochuluka chonchi imangotaya zonse. Tinasiyamo dzina la bandi lokha, mayina n'kutuluka pompo, zinazo ndinasindikiza papepala. Bambo atamva anakalipa: "Wadula anthu anga?" Mtima unawatsika nditalonjeza kuti onsewo ndidzawatchula pawailesi ndi pakamwa panga.

Tsopano ndiulule. Posindikiza ndinaona zimene analemba pa nyimbo yachisanu ndi chiwiri, ndipo ndinalira pamaso pa a Zimitsani, manyazi nditawaika pambali. Ndakukoperani monga zilili: "Timawu tikumveka kumbuyoto ndi ta mwana wanga woyamba, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ataima pampando kuti afikire maikolofoni. Sanaphonye ngakhale pamodzi. Wophonya ndine, ndinamulankhula zopweteka ndipo ndikuchita manyazi kumuimbira foni."

Sakudziwa kuti ndakulemberani zimenezi. Chiganizo chomalizacho sindidzachiwerenga pawailesi, n'chanu.

Pulogalamuyi idzauluka Loweruka lomaliza la mwezi uno, 4 koloko masana, ndipo imamveka pa intaneti. Bambo adzakhala pakhonde ndi kawailesi kawo, foni ili m'thumba la malaya. Ndidzaitchaja ndekha.

Moni kwa alamu. Ana muwauze kuti mayi awo anaimbapo m'bandi, asamakuderereni. Bambo sanandipatse moni woti ndikupatsireni, koma m'mawa uno andifunsa kawiri ngati kwanuko kukuzizira.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Wamakani uja