Nthambi ya Mfanafuthi m'nkhalango ya bulugamu

Okondedwa achemwali Nokwazi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Cape Town pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha Lwandle chija chinatha? Kuno ku Nongoma amayi ali bwino, miyendo yokha ndiyo ikuwavuta ndi kuzizira. Ine ndilipo.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndikanangobwereza zomwe amalume a Bhekizwe anakuuzani, kuti ulendo wokatenga mzimu wa mng'ono wanga Mfanafuthi unayenda bwino. Sunayende bwino, achemwali.

Mukudziwa kuti akuluakulu anasankha ine kunyamula nthambi ya kankhande yotengera mzimu wake popeza mwana wamwamuna ndatsala ndekha. Sindinakane, koma mumtima ndinkadzifunsa ngati akufa angamve munthu wokayikakayika ngati ine. Tisananyamuke amalume anandilangiza kuti ukamutenga, pakamwa pako ndi pa iye yekha mpaka tikalowe pakhomo. Usalankhule ndi munthu, usacheuke, ndipo wina akakuitana, ngakhale ineyo, usayankhe.

Ku Rustenburg tinaima pamphambano pomwe galimoto inamugunda paja. Ndinagwada, kukhudza phula ndi nthambi, n'kumuuza kuti ndine Mlungisi mkulu wako, nyamuka tizipita kwathu. Anthu a m'minibasi ankandiyang'ana ndipo ndinachita manyazi. Koma titayenda pang'ono manyaziwo anatha. Ndinkamuuza mlatho uliwonse ndi tauni iliyonse, ndipo ndinayamba kumva ngati pampandopo tilipo awiri.

Amalume ndiye anapeza poseketsera. Ankati lero bambo wa ku yunivesite watsekedwa pakamwa ndi kamtengo. Ananyoza timu yanga ya mpira kuyambira goloboyi mpaka mphunzitsi wake. Kenako anandifunsa ngati ndikukana kuti akandifunsirire mkazi kubanja la bambo Zungu, mwana wawo wamkulu uja wogulitsa nkhuku, n'kudziyankha okha kuti onani, mwana sanakane, ng'ombe za malowolo zikonzeke.

Titadutsa Ermelo injini inayamba kutentha, ndipo nkhungu inatsika mpaka mzere woyera wa mumsewu sunkaonekanso. Amalume anati sindipitiriza, sindikufuna kuti mayi ako adzatume anthu ndi nthambi zina ziwiri. Anakhotera ku malo ena a m'nkhalango ya bulugamu komwe anthu amamanga matenti pa tchuthi. Nyengo yozizira ino kunalibe munthu. Mlonda anatitsegulira, kutiuza kuti mpopi ndi wouma koma damu lili kumunsi, n'kukwera njinga kupita kwawo.

Amalume anamanga tenti yawo yophera nsomba ija ndi kusonkha moto. Ine ndinamuuza Mfanafuthi kuti pano si kwathu, tangopumula, usachoke pafupi nane. Ndinakhala pa chipika kuyang'ana moto, nthambi ili m'manja. Kunja kukuda, amalume anatenga chigubu kukatunga madzi a injini. Damulo linali kumbuyo kwanga.

Sindinamvepo bata lotere. Kunalibe galu, kunalibe wailesi, madontho okha a nkhungu akugwa m'mitengo yaitali ija. Mapazi a amalume anamveka pa masamba ouma mpaka anazimiririka.

Kenako wina anandiitana kumbuyo. Anati, Mlu!

Achemwali, mukukumbukira momwe mawu a Mfanafuthi ankafananira ndi a amalume, mpaka amayi ankawasokoneza pa foni. Ndinaganiza kuti ndi amalume akundiyesa, popeza anaseka nane tsiku lonse. Ndinaganizanso kuti Mfanafuthi wandichoka m'manja, waima m'mitengomo. Ndinaganiza zachitatu, kuti ndi china chake cha m'nkhalangomo chomwe chamva dzina langa. Ndinafinya nthambi mpaka minga inandilowa m'chikhatho.

Mawuwo anaitananso, motsika, ngati akuchokera pansi. Anati Mlungisi, bwera. Sindinayankhe. Zonse zomwe ndinaphunzira sizinandiuze chochita. Ndinangokhala pamenepo, khosi litalimba kuti lisatembenuke lokha. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji, ndipo zimenezi zimandiopsa mpaka lero.

Ndiye ndinamva madzi akukhuvuka, ndi mawu aja akukuwa kuti mbuzi ya munthu iwe, masukulu ako onsewo sukumva kuti ndikufa? Mfanafuthi sanandinyozepo chotero. Ndinayankha. Ndinacheuka. Ndinathamanga.

Amalume anaterereka pa khoma la damu n'kugwera m'madzi ofika pachifuwa, phazi litathyoka, matope atawagwira. Manja awo anali atasiya kale kugwira udzu. Ndinawakoka ndi lamba wanga, n'kuwakwakwaza mpaka pamoto. Ndikanachedwa pang'ono, bwenzi kalata ino ili ya maliro.

Milomo itasiya kunjenjemera, mawu awo oyamba anali ondifunsa kuti mwana ali kuti. Apo m'pamene ndinaona kuti m'manja mwanga mulibe kanthu.

Ndinafufuza ndi tochi ya pa foni. Pa chipika panalibe. Ndinakaipeza patali ndi moto, pakanjira kolowa m'mitengo, komwe sindikukumbuka kuti ndinapondako. Mwina ndinaiponya pothamanga. Mwina inakola buluku langa n'kukagwera kumeneko. Chomwe ndikudziwa n'chakuti ndinamusiya pansi m'malo achilendo osamuuza kuti ndikupita kuti, kapena kuti ndibwerera.

Usikuwo sindinagone. Ndinakhala m'tenti ndikumupepesa, kumutchula ndi mayina a makolo athu, kumupempha kuti abwerere. Koma nthambi yomwe inkandilemera tsiku lonse inali itapepuka, kamtengo chabe. Panja makungwa a bulugamu ankasendeka n'kugwa, uku kamodzi, uko kamodzi, ngati munthu akuzungulira tenti posaka khomo. Ndinalephera kutsegula zipi kuti ndione.

Amalume nawonso sanagone. Anandiuza kuti nkhani iyi ithere m'nkhalango muno, mlongo wanga sangapirire kutaya mwana yemweyo kawiri. Anati iwo ndi amene anaitana, ngati pali mlandu ndi wawo. Kutacha mlonda anatithandiza kuthira madzi mu injini, ndipo amalume anayendetsa galimoto akuluma mlomo ndi ululu mpaka kufika.

Pakhomo mbuzi inaphedwa, zofukiza zinatenthedwa, nthambi inalowa m'nyumba ya mizimu ya makolo. Amayi analira n'kunena kuti mwana wanga wafika. Kuyambira tsikulo ayambiranso kudya ndi kugona. Madzulo amalowa m'nyumbamo kukamuuza za ng'ombe ndi za mvula. Ine ndikawamva ndimatuluka panja, chifukwa ndikuopa kuti akulankhula ndi khoma.

Mwina mukundiseka kuti ndine yemwe uja ndinkatsutsa zinthu izi patebulo. Ndikutsutsabe masana. Koma ngati kulibe kanthu, kubwerera sikupweteka munthu. Ngati kulipo, ndiye kuti ndinamuchotsa pamphambano pomwe pamadutsa anthu n'kukamusiya yekha m'mitengo yozizira, komwe sadziwa njira, akudikira kuti ndimuuze kuti tizipita. Ganizo limeneli limandidzutsa thukuta lili thupi lonse.

Pempho langa ndi ili. Ndikufuna kubwerera kukamutenga. Amalume akana, ndiponso phazi lawo lili mu pulasitala. Ine sindiyendetsa galimoto, ndipo pobwerera sindidzatha kulankhula, choncho ndikufuna munthu woyendetsa ndi wondilankhulira pachipata ndi pothira mafuta. Bwerani pa tchuthi chanu, achemwali. Kwa amayi munene kuti mwabwera kudzaona manda. Tidzanyamuka m'mawa kuti tikafike kuli dzuwa, ndipo sitidzagona panjira. Ngati mukuona kuti amayi ayenera kudziwa, ndiuzeni, akulu ndinu, ndidzawauza ndekha. Koma musandiuze kuti ndiiwale. Mtengo wodulapo nthambi ndauona kale kuseri kwa khola.

Mundiperekere moni kwa alamu a Sandile, ndipo ana muwauze kuti amalume awo akuwakumbuka. Mulungu ndi makolo athu akusungeni. Ndiyankheni msanga, kuzizira kusanathe.

Ine mlongo wanu,
Mlungisi