Anayeza njinga yopanda katundu

Lachinayi, 14 Ogasiti.

Lero mtima wakhala pansi. Anthu oyeza msewu anafika pokhota paja, pomwe thiraki yopita kuboda inandigwetsa pa 3 Juni chaka chatha. Akuti akonza kanjira ka njinga m'mphepete mwa tala. Injiniya wawo, mayi wachitsikana, anazika timitengo tofika m'chiuno, kusiya mpata wa mita imodzi.

Ndinadikira kuti amalize, kenako ndinati, "Pepani mayi, mwayeza njinga yopanda katundu."

"Bambo, njinga si njinga basi?"

Ndinangokankhira yanga mumpatamo, ili ndi matumba awiri a mtedza omwe ndinamanga chopingasa pakaliyala. Thumba linagwetsa kamtengo. A Phiri a kabaza anaseka: "Uwu ndi mtedza chabe, mayi. Mukanaona ya makala!"

Mayiwo sanakwiye. Anatambasula tepi pamatumba anga, napeza mita imodzi ndi masentimita 15. Analemba m'buku, kenako anasuntha timitengo tonse mpaka mita ziwiri. Ndinatiwerenga ndekha, tilipo 16.

Tsiku loyambira ntchitoyi sanatchule, komabe muyeso wanga uli m'buku lawo. Mawa ndidutsa m'mamawa kukaona ngati wina sanazule timitengoto kukasonkhera moto.