Pa Bwato Palibe Pokumba

Langkawi, pa bwato
9 Novembala

Achemwali anga a Rosmawati,

Mtendere wa Mulungu ukhale pakhomo panu. Kaya muli bwanji kumeneko? Nanga Amayi, bondo lija likuwalola kugwada popemphera, kapena akupempherabe ali pampando? Alamu anga a Sabri ndi ana ali bwanji? Balqis ayenera kuti wayamba sukulu tsopano. Ine ndili bwino, mwamuna wanga Izwan nayenso ali bwino. Bwato silinamire, ngakhale ndikudziwa kuti ena munaliwerengera miyezi.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale. Pafoni ine ndi inu sitingathe mphindi ziwiri. Inu mumadula mawu, ine ndimadula foni. Pepala lokha ndi limene lingandilole kufika kumapeto.

Nkhani ndi iyi: ndine woyembekezera. Mwezi uno ndi wachisanu ndi chiwiri, ndipo kuchipatala akuti tiyembekezere kumapeto kwa Januwale. Khalani kaye pansi musanathamangire kwa Amayi, sindinamalize.

Mukudziwa kuti Izwan wakhala akukonza bwatoli zaka zitatu kuti tiwoloke nyanja yaikulu mpaka ku Sri Lanka. Mphepo yopitira kumeneko imawomba bwino mu Januwale ndi Febuluwale. Ukaiphonya, udikire chaka china. Ndiye mwana wasankha mwezi womwewo. Watengera kwathu ameneyu, sanabadwe koma wayamba kale kuitanira anthu kumudzi.

Poyamba Izwan ankati palibe chovuta. Ankati ndikachira kuchipatala cha kuno tikhala padoko milungu itatu, kenako tikweza matanga. Ndinamufunsa za chikuta, masiku makumi anayi ndi anayi onse aja. Ndani adzandiwotchera mwala wosinira pamimba? Ndani adzandimanga nsalu yaitali ija? Iye anati zomanga zokhazo ndisadandaule, mfundo amazidziwa kuposa azamba onse a kwathu ku Kedah. Ndinamuuza kuti ine si thanga.

Tinaseka. Koma kenako ndinafunsa za nsengwa, ija imatuluka pambuyo pa mwana. Ndinati iye monga bambo akadzaitsuka, kuithira mchere ndi bwemba, kuikulunga m'nsalu yoyera, adzaikwirira pati?

Kwawo kulibe dothi, inunso mukudziwa. Anakulira m'nyumba yosanja ku Penang, pamwamba penipeni, ndipo makolo ake atamwalira anaigulitsa n'kugula bwatoli. Nsengwa yake yomwe sadziwa kumene inapita. Anayang'ana uku ndi uku, maso ake n'kugwera pa mphika umene ndimadzalamo tsabola, uja timaumangirira kumbuyo kwa chiwongolero kuti usagwe ndi mafunde. Ndiye akuti dothi ndi dothi basi.

Achemwali, zimene ndinamuyankha sindingazilembe, poti mwina kalatayi muwawerengera Amayi. Ndingonena kuti asodzi amene ankadutsa pafupi anazimitsa injini kuti amve bwino.

Tsiku lonse limenelo ndinkangoona kuseri kwa nyumba kwathu. Mitengo iwiri ya kokonati imene Bambo anadzala pamwamba pa nsengwa zathu, wanu ndi wanga. Wanu unawongoka, wanga unapendekera kumsewu. Mukukumbukira mmene ankasekera, kuti uyu sadzakhala pakhomo? Koma chaka chilichonse ankauthira manyowa mofanana ndi wanu.

M'mawa mwake ndinadzuka n'kupeza Izwan akutsitsa thanga lalikulu. Analipinda yekha, n'kulilowetsa m'thumba, n'kumanga kukamwa. Inu zimenezi simungazimve, koma kuno thanga likalowa m'thumba mu Novembala ndiye kuti chaka chimenecho palibe ulendo. Zaka zitatu za thukuta lake, anangozipinda choncho. Atamaliza anati adzakumba paliponse pamene ndimuloze. Koma anawonjezera kuti sakudziwa ngati kwathu angamulole kulowa ndi khasu, poti tsiku lija tinabwera ku maliro a Bambo ngakhale madzi osamba m'manja sanapatsidwe.

Apa ndi pamene ndinafuna kuti mukhale pansi.

Zaka ziwiri zonsezi mwakhala mukudziwa kuti ndinaphonya maliro a Bambo chifukwa Izwan anatipititsa kuzilumba kumene foni sigwira. Ndi zimene anakuuzani iye mwini, ataima pabwalo, mutu uli pansi. Linali bodza. Foni inkagwira bwinobwino.

Sabata imeneyo munandiimbira kambirimbiri. Koyamba munkati ndibwere kudzathandiza kuphika paukwati wa mwana wa azakhali. Kenako munkati pakufunika munthu woperekeza Amayi kuchipatala. Kenako munkangofuna kundikumbutsa kuti mkazi wokwatiwa sakhala m'madzi ngati bakha. Ndinatopa. Ndinazimitsa foni, n'kuikwirira m'chitini cha mpunga, n'kutseka. Izwan anandiuza kawiri kuti ndiiyatse, mwina kunyumba kuli nkhani. Ndinamuyankha kuti nkhani ya kwathu ndi anyezi, asenda okha.

Ndinaiyatsa patapita masiku awiri. Bambo anali atagwa kumunda wa mpunga m'mawa wa tsiku loyamba, n'kuikidwa tsiku lomwelo pemphero la masana litangotha. Mphepo inali yabwino, Achemwali. Ndikanamva m'mawa umenewo, ndikanafika asanawanyamule.

Izwan ananena bodza lija osandifunsa, ndipo ine ndinaima pambali pake osatsegula pakamwa. Ine amene pakamwa panga sipatseka. Kuyambira tsiku limenelo sanandikumbutsepo, ngakhale pamene tikukangana, ndipo timakangana ndithu, bwato ndi laling'ono. Choncho mwakhala mukudana ndi munthu wolakwika. Wozimitsa foni ndine.

Koma musafulumire kukondwa. Zanu sindinaiwale.

Tinafika tsiku lachitatu, anthu atasonkhana kudzapempherera Bambo. Ndinalowera khomo la kukhitchini monga mwana wa pakhomo, n'kukhala pamkeka, n'kutola mpeni kuti ndisende anyezi. Inu munabwera, munandilanda mpeniwo m'manja, n'kunena pamaso pa azimayi onse kuti alendo amakhala kutsogolo. Kenako munatembenukira panja pamene Izwan anaima, n'kunena mokweza kuti munthu wopanda khomo sangadziwe maliro. Ndinali ndisanapite n'komwe kumanda. Amayi anamva, ndipo anangoyang'ana m'poto.

Ndinalakwa, inde, kuposanso mmene munkadziwira. Koma Bambo anali anganso. Ndimati ndikasenda anyezi pa bwato pano ndimakumbukira dzanja lanu. Sindikunena kuti ndakhululuka, sindifuna kuwonjezera bodza lina m'kalata yochotsa bodza. Mwina zidzatheka tikakhala nyumba imodzi masiku makumi anayi ndi anayi, inu mukundikaniza madzi ozizira ndi kundiveka masokosi kukutentha. Mwinanso ayi.

Pempho langa ndi ili. Ndikufuna kudzachirira kwathu ndi kukhala chikuta m'chipinda cha Amayi, monga munachitira inu. Azamba aja, a Mak Embun, ngati manja awo akadali ndi mphamvu, muwauze. Ndipo ndikufuna nsengwa ya mwanayu ikwiriridwe kuseri, pafupi ndi mtengo wanga, ndipo aikwirire bambo ake. Osati alamu, osati amalume. Izwan.

Amayi muwauze zonse, ndi za chitini cha mpunga zomwe. Musawachepetsere. Ndikanawauza ndekha, koma ndikuopa kuti ndikamva mawu awo ndiyambanso kudziteteza, mukundidziwa. Akakana, ndimva, ndipo sindidzawakakamiza. Ndidzachirira kuno, ndipo tidzapempha kadothi kwa anthu achilendo kuseri kwa mzikiti. Anthu amatero. Koma mwanayo akadzakula n'kufunsa kuti mtengo wake uli kuti, ndidzamuloza pakhomo pa eni.

Chinanso, kuti tisadzanamizane. Musaganize kuti nyanja yandilavula. Izwan sanandikokere pa bwato, ndinakwera ndekha, ndipo ndimalikonda. Ndimakonda kudzuka m'mawa popanda munthu wondifunsa kuti ndaphika chiyani. Chikuta chikatha, mwana akametedwa tsitsi, tidzabwerera kuno, ndipo mphepo ya chaka chamawa thanga lija lidzatuluka m'thumba. Inu mudzanena zambiri, ndikudziwa, yambani kuzikonza. Koma foni sidzalowanso mumpunga. Mukaimba ndidzayankha, ngakhale zitakhala za anyezi.

Tikufuna kubwera sabata yoyamba ya Disembala, ndisanalemere kwambiri. Bwato tilisiya padoko, tikwera sitima yapamadzi ya anthu onse mpaka ku Kuala Kedah, kenako tikwera basi. Simufunika kulemba kalata yaitali, ndikudziwa kuti cholembera chimakuyabwani. Ngati Amayi avomera, tengani khasu la Bambo, lija la mpini wokhota, muliyedzeke pa mtengo wanga, mulijambule, munditumizire. Ndikaona chithunzicho ndiyamba kulongedza.

Dzenje musakumbe. Munthuyu sanagwirepo khasu chibadwire, adzatuluka matuza ndipo a Sabri adzaseka. Asekedwe, koma akumbe yekha.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwapsompsone dzanja m'malo mwanga ngati angalole. Moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa Balqis ndi mlongo wake Aqil. Muwauze kuti amayi awo aang'ono a m'madzi akubwera ndi mimba ngati nangula. Mukapita kumanda Lachisanu, muthire madzi pamanda a Bambo kawiri, kachiwiriko n'kanga. Mulungu akusungeni nonse, akupatseni moyo wautali ndi mtima wofewa kuposa wanga.

Ndikubwera ndi tsabola wa mumphika uja. Musaope, mulibe kanthu.

Ndipo tsiku limenelo ndidzalowera kukhitchini.

Ndine mng'ono wanu,
Hasnida