Makina anayi, lichero limodzi

Lolemba, 8 Juni 1992
Kalata ya mnzanga Langton yafika kuchokera ku Mangalande, yotsegulidwa kale monga mwa masiku onse. Pulogalamu yanga ya pa kompyuta yolosera mvula ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ikunamabe. Pa makina amodzi imayankha bwino. Akaigawira makina anayi ogwira ntchito nthawi imodzi, yankho limasinthasintha. Akuti ikapanda kukonzeka pofika pa 30, malo anga kuyunivesite ya kumeneko atha. Ndinangobwera kudzaika maliro a mayi, aboma n'kundilanda pasipoti. Kuno ku Chezi kompyuta yanga ndi pensulo.

Lachitatu, 10 Juni
Masamba onse a pulogalamuyo, amene Langton wanditumizira, ndawerenga katatu. Palibe chimene ndaona. Ndatopa nazo.

Lachisanu, 12 Juni
Ndimadandaulira mlongo wanga Faines akupeta. Ndinamuuza kuti makina anayiwo amaitana kachigawo kamodzi ka pulogalamu, kamene ndinakatcha SONKHA, ndipo onse amasunga nambala zawo pamalo amodzi, TONSE. Iye osadzutsa n'komwe mutu: "Azimayi anayi lichero limodzi? Wina akupeta, wina akuthiramo zake. Zimenezo ndi zokwerera ndege, achimwene?"

Vuto ndi lomwelo. Makina aliwonse amafufuta nambala za anzake. Manyazi andigwira, koma ndaseka koyamba chichitikire maliro.

Loweruka, 13 Juni
Ndakonza. M'mphepete mwa tsamba lokonzedwalo ndamulembera Langton: "Chotsa TONSE. Aliyense mwa anayiwo asunge zake mobisa. Wamkulu asazione mpaka SONKHA itatha." Wamkulu ndi makina ogawira anzake ntchito. Kalatayo ndakaiponya ndekha.

Lachinayi, 18 Juni
Kwabwera azibambo awiri a majekete, kalata yanga ili m'manja. Amafuna mayina a anthu anayiwo ndi malo amene timasonkhana. Ndinayamba kufotokoza za lichero. Sanaseke. Wamfupiyo anati, "Aphunzitsi, m'dziko muno Wamkulu ndi mmodzi. Mukumubisira chiyani?"

Atenga masamba onse. Akuti ndikaonekere kupolisi Lolemba m'mawa.

Lamulungu, 21 Juni
Kutchalitchi benchi yathu tinakhalapo awiri okha.

Ndili ndi mantha, ndisaname. Chondiwawa n'chakuti yankho ndi lolondola, koma latsala m'mutu mwanga mokha, momwe Langton sangafikemo. Ndabisadi bwino.

Faines wandilongedzera bulangete ndi sopo osandifunsa. Tsopano wasonkha moto kuseri kwa nyumba, akudikira kope ili.