Mayunivesite Awiri Amene Tinawaposa

Okondedwa achemwali a Marita,

Kodi muli bwanji ku Nsaru kumeneko? Mwendo wa bambo uja waphwa? Ine kuno ndili bwino, nkhope yamaliro ija ndaivula.

Ntchito sinathe, achemwali. Mtima pansi.

Paja ndinakuuzani kuti akuluakulu akufuna kutseka gawo lathu lofufuza za mtedza, ati sitilemba kanthu. Kunja kuli bungwe limene limawerenga zolemba za akatswiri n'kusanja mayunivesite, uyu patsogolo, uyu pambuyo. Ife linatiponya kumchira, ndipo za gawo lathu silinapeze n'chimodzi chomwe.

Lachiwiri anatiitana kumsonkhano wotitsanzika. Mkulu wa sukulu, pofuna kudzitonthoza, anaonetsa pakhoma kuti pansi pathu pali mayunivesite ena awiri. Anawaseka ndithu, ati amenewo angotsegula golosale. Dokotala Lilian, mnzanga wa mu ofesi, anafunsa mwaulemu kuti kodi osaukawo ali dziko liti. Mkulu uja anawerenga mayina awo. Onse awiri tinali ife tomwe.

Sukulu yathuyi yasinthidwa dzina kawiri. Pa zolemba zawo, madoda akale amalembabe dzina la koleji ya nthawi ya chipani chimodzi, ati latsopanoli n'lachibwana. Ife a mtedza timalemba lapakati, poti ndi limene lili pachipata cha munda wathu woyesera mbewu, ndipo palibe anagulapo penti. Tsono kompyuta yakunja singadziwe kuti a Marita, Nabanda ndi make Hilario ndi inu nomwe. Inatigawa patatu.

Titalidziwitsa, bungwe lija laphatikiza zonse, takwera, ndipo mulu waukulu wapezeka kuti ndi wa ife a mtedza. Mkulu uja tsopano akuti ankadziwa kale, ankangotiyesa.

Pempho langa nali. Ndamva kuti amalume alanda kale alamu munda wakumtunda kuti ndidzalimepo ndikabwerako. Chonde akabweze msanga mvula isanagwe. Mtedza ndimaudziwa papepala, koma mizere yanga mukuidziwa inu, imayamba kuloza ku Nsaru n'kukathera ku Kasiya. Kuchotsedwa ntchito ndikanapirira, koma zoti alamu aziima pamalire manja m'chiuno n'kumati "Eti adokotala, mwatopa kale?" zokhazo ayi.

Mundiperekere moni kwa bambo, mayi ndi ana onse. Amalume muwathokoze mosamala. Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Obadiya