Chogwirira cha Birika ya Bambo

Lolemba, 7 Okutobala

Makina aja anatumiza achimwene Abdulwahab kuchokera ku Joni ayamba kundimvera. Ndimajambula chinthu pa laputopu, iwo n'kuchiumba ndi ulusi wa pulasitiki, pang'onopang'ono ngati mavu pa chisa. Lero zokolekera makapu zitatu ndi choikamo sopo. Mayi akuti, "Wasanduka woumba mbiya wopanda dongo?" Akuseka, koma sopo wawo ali momwemo.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Mtima uli pena. Chidwalireni sitiroko, zala za dzanja lamanzere la Bambo sizigwira. Pochita wudhu, kusamba kuja asanaswali, Mayi ndiwo amawathirira madzi a m'birika, ketulo yosambira ija. Bambo amangoyang'ana kumbali. Zimandiwawa. Ndiwapangira chogwirira chatsopano cha birikayo Lachisanu lisanafike. Ndapempha dzanja kuti ndiyeze ndi tepi yosokera, apereka osafunsa.

Lachitatu, 9 Okutobala

Magetsi anathima chogwirira chili pakati poumbidwa. Kuyambiranso. Maola asanu! Koma chatuluka: chobiriwira, see, chala chilichonse ndi malo ake. Ndavina ndekha pakhonde, nkhuku zikundidabwa.

Lachinayi, 10 Okutobala

Manyazi bwanji! Bambo achigwira, chakwana ndendende. Kenako, "Nanga dzanja lamanjali ndilisambitsa ndi chiyani, Safiya?" Ndinayeza dzanja lolakwika! Lamanja lilibe vuto. Koma wudhu umayamba ndi kusambitsa lamanjalo, ndiye birika iyenera kukhala kumanzere. Iwo anandipatsa lamanja poti kwathu kuno munthu supatsa mnzako dzanja lamanzere. Ine wokulira m'nyumba momwemuno osaganiza. Mayi aseka mpaka misozi.

Ndajambulanso. Za zala ndazisiya, tsopano ndi mphete yaikulu yolowetsamo mkono. Ulusi wobiriwira wathera panjira, ndapitiriza ndi wachikasu.

Lachisanu, 11 Okutobala

Chaoneka ngati bango losapsa bwino. Kaya.

Nthawi ya Swala itayandikira, Mayi ananyamula birika mwachizolowezi. Bambo: "Make Abdulwahab, kaoneni mpunga wanu." Anailandira birikayo, n'kulowetsa mkono m'mphete muja, n'kupendeketsa. Madzi ambiri anathera pa kanzu, mkanjo wawo uja. Sanaitane munthu. Apita kumzikiti atanyowa, akuyenda ngati mkwati. Alhamdulillah!

Mayi ndawapeza ataima kuseri, manja ali lende, osadziwa kuti awaike pati. Akuti mawa ndiwaumbire chogwirira cha chivundikiro cha poto wawo wakale uja. Anena akuyang'ana kumbali.